Mwini Wake wa "Sitima ya Lachinayi"

Nonsenu munavinapo "Sitima ya Lachinayi." Musakane, ndakuonani pa maukwati mukutibula fumbi, ena mpaka zidendene za nsapato kuthyoka. Koma ndikufunseni: nyimbo ija ikamapita kumapeto, pamene woimba amangoti zii, zoimbira n'kumapitirira zokha, munayamba mwatcherapo khutu? Simunatero. Mumakhala muli kalikiliki ndi chiuno. Sendezani mipando kuno, ndikuuzeni za munthu amene anatchera khutu.

Dzina lake Elifazi Kamtedza, wokonza mawailesi pamsika wa Balaka. Anali bambo wa zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi, wamtali, wovala tayi ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Ntchito ankaidziwa, koma chimene ankanyadira pansi pano si manja ake ayi. Ankanyadira bambo ake, malemu Lufeyo Kamtedza, woimba gitala amene anajambula "Sitima ya Lachinayi" pa mbale ya galamafoni dziko lino lisanalandire ufulu. Ukamapita kukakonzetsa wailesi kwa Elifazi unkayenera kudyeratu, chifukwa sunkatulukamo usanamve mbiri yonse.

Pa shelefu ya m'shopu mwake anandandalika aliyense amene anaimbako nyimboyo. Poyamba panali mbale ya bambo ake, yokutidwa m'nsalu yoyera. Kenako kaseti ya rege ya Bizaliyele Sapuwa, imene inavuta m'mabasi zaka makumi atatu zapitazo. Panalinso ya kwaya ina ya amayi amene anasintha mawu kuti sitimayo izipita kumwamba, ndi ya anyamata a ku Zambia amene anaithamangitsa ngati akuthawa njuchi. Yomaliza inali mu foni, ya mnyamata wa ku Lilongwe wodzitcha Kadzuwa, yopangidwa pa kompyuta popanda munthu kugwira gitala. Onsewo mawu oyamba anali omwe aja:

*Sitima ya Lachinayi yalira ku Bilila,*
*yatsitsa a eni ake, wanga yam'siya kuti?*
*Konola, konola, mwina abwera mawa.*

Ndi mawu a mkazi wodikira mwamuna, koma zimenezo sizinkadabwitsa munthu. Oimba aamuna a masiku amenewo ankaimba madandaulo a akazi tsiku ndi tsiku.

Chodabwitsa chinali china. Oimba gitala akale anali ndi mwambo wawo: nyimbo ikamatha, woimba ankadzitchula dzina ndi kwawo, kuti amene aimve kutali adziwe mwini wake. Lufeyo ankatero m'nyimbo zake zonse, mokweza ndithu: "Ndine Lufeyo, mwana wa ku Bilila!" Koma mu "Sitima ya Lachinayi," pamalo pa dzina panali pululu. Gitala ankayenda yekha ndime yathunthu, kenako nyimbo n'kutha. Ndipo onse amene anaibwereza anausiya mpatawo momwemo. Ukamufunsa Elifazi ankati, "Bambo anali munthu wodzichepetsa." Achikulire a pamsika ankangoyang'anizana, chifukwa Lufeyo amene iwo ankamudziwa ankavala nsapato za mitundu iwiri ndipo ankavula chipewa kwa iye mwini pa galasi.

Elifazi analinso ndi kakhalidwe kena. Nyimboyi ikangolira, mutu wake unkayamba kugwedera, kutsogolo, m'mbuyo, ngati gulo pamtengo. Mkazi wake Nankhoma ankafa nazo chiseko.

"Mwana wa woimba, koma kuvina ziii," ankatero. "Gitala ali uku, mutu wanu uli uko. Mumatsata chiyani kodi, bambo a Tiyese?"

Iye sankadziwa n'komwe kuti akugwedeza mutu.

Nkhani inayamba tsiku lina masana, pamene wailesi imene ankakonza inatulutsa mawu a Kadzuwa uja akucheza ndi mtolankhani. Atamufunsa kuti nyimboyi anaitenga kuti, mnyamatayo anayankha mosavutika: "Aaa, imeneyi ndi ya makolo, ilibe mwini."

Elifazi anaika chowotcherera mawaya pansi. Ilibe mwini! Anatseka shopu dzuwa likadali pamutu, ulendo ku Wailesi ya Chigwa, kanyumba kowulutsira mawu kamene kanali kuseri kwa bwalo la mpira. Kumeneko anapeza Mwaiwawo, mtsikana woyendetsa pologalamu ya nyimbo zakale Loweruka lililonse masana. Anamufotokozera mpaka thovu kukamwa.

"Chabwino, bambo Kamtedza," anatero Mwaiwawo. "Loweruka la sabata yamawa ndi lanu. Mubweretse zonse, anthu amve okha."

Madzulo ake anauza Nankhoma chimene anakonza. Adzayamba ndi ya Kadzuwa, n'kumabwerera m'mbuyo, kaseti ndi kaseti, mpaka pa mbale yeniyeniyo. Ndipo ikadzafika pa mpata paja, iye mwini adzatchula dzina la bambo ake mokweza, a wailesi ajambule, likhale pamenepo mpaka kalekale. Dzinalo analilemberatu pa pepala.

"Mpata umene bambo anausiya, ine ndikautseka," anatero akudziguguda pachifuwa.

Atangotero, nkhuku zimene zinali zitalowa kale m'khola zinalira zonse pamodzi, kenako chete. Nankhoma anayang'ana kunja, sanaone kanthu.

M'mawa mwake masingano a galamafoni anasowa. Elifazi ankawasunga m'kachitini kofiira, m'thumba la jekete, ndipo jeketelo linagona pa msomali kuchipinda. Anapindula nyumba yonse. Amene anawapeza ndi Nankhoma, kuseri kwa khitchini, mu mtondo wakale umene nkhuku zinkaikiramo mazira. Mtondo umenewo unali utatha zaka khumi osalawa munsi, chibwerereni chigayo cha magetsi m'dera lawo. Kachitiniko kanali pansi penipeni, katakwiririka ndi gaga. Nankhoma anatapa gagayo n'kununkhiza.

"Ndi watsopano uyu," anatero motsitsa mawu. "Akadali wonyowa."

"Ndi ana a kwa aneba," anayankha Elifazi. Koma aneba awo anali agogo awiri opanda mdzukulu, ndipo onse awiri ankadziwa zimenezo.

Atafika kushopu anapeza loko ali bwinobwino, koma pa nsalu yokutira mbale ija panali timadontho ta ufa, ngati wina waigwira ndi zala zochokera pa lichero. Anaikung'untha, n'kuika mbale pa galamafoni kuti ayeseze za Loweruka. Tsiku limenelo anachita chimene anali asanachitepo: anaika kamaikolofoni pa galamafoniyo n'kulumikiza zomvera za m'makutu, kuti phokoso la msika lisamusokoneze.

Mawu a bambo ake anabwera, okoma ngati kale. Ndime yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Kenako mpata uja. Ndipo pansi pa gitala, kutali, anamva kanthu.

Gu. Gu. Gu.

Phokosoli ankalidziwa kuyambira ali mwana, ndipo ankati ndi kukalika kwa mbale. Koma Elifazi anali mmisiri. Mbale yokalika imagunda kamodzi pa kuzungulira kulikonse, osaphonya. Ichi chinali ndi liwiro lakelake, lolemera, la chinthu chimene munthu akunyamula ndi manja awiri n'kuchigwetsa.

Anaika kaseti ya Bizaliyele. Pa mpata paja, pansi pa ng'oma za rege: gu, gu, gu. Anaika ya kwaya. Chimodzimodzi. Ya ku Zambia yothamanga ija, oimba ali pa liwiro, koma chogundacho sichinafulumire nawo, chinkayenda mwa chizolowezi chake. Potsiriza anatenga foni. Iyi ndiye inapangidwa pa kompyuta chaka chathachi, ndi mwana amene mwina sanagwirepo munsi chibadwire. Elifazi anadikira mpatawo.

Gu. Gu. Gu.

Anavula zomverazo msangamsanga. Panja msika unkapitirira ngati palibe chachitika, wina akutsatsa tomato.

Lolemba anakwera minibasi kupita ku Liwonde kukafuna Bizaliyele Sapuwa. Anamupeza pakhonde la sitolo akupalasa makina osokera. Tsitsi lalitali lija linapita kalekale, panatsala dazi ndi magalasi omangidwa ndi ulusi. Atamva dzina la nyimboyo, phazi lake linaima.

"Achimwene, mwabwera ndi nkhani imene sindiikonda," anatero Bizaliyele. "Ine nthawi imeneyo ndinali ndi matama. Ndinati mkulu uja anaiwala kudzitchula, ndiye ine ndiikapo langa. Tili mu situdiyo ku Blantyre, tafika pa mpata paja, ndatsegula kukamwa, mawu osatuluka. Kukhosi kuli ngati ndameza gaga. Tinabwereza. Kachiwiri ndinalitchula bwinobwino dzina langa, anzanga onse anamva. Pobweza tepi, dzina palibe."

"Makina akale aja ankavuta," anatero Elifazi.

"Inenso ndinatero. Kachitatu, wojambula uja anavula zomvera zake n'kukalipa. Akuti, 'Tauzani mayi ali pakhomowo asiye kusinja, akutiwonongera ntchito.' Achimwene, situdiyo inali pamwamba pa nyumba yosanja. Chitseko chinali chokhoma. Tinali amuna asanu basi." Bizaliyele anapukuta magalasi ake nthawi yaitali. "Dzina langa ndinalibweza m'thumba. Mpata umene uja uli ndi mwini wake."

"Inde uli naye," anatero Elifazi akuwongola tayi. "Ndi bambo anga."

Bizaliyele anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Bambo anuwo ankasinja?"

Funso limeneli linamukhala Elifazi pamtima masiku awiri. Linamukwiyitsa, ndipo mkwiyowo unamupatsa nzeru: apite ku Bilila komweko, akapeze wachikulire amene anaona Lufeyo akupeka nyimboyo, adzachitire umboni. Kumeneko anali asanapondeko chichokereni ali khanda. Chimene ankadziwa n'chakuti mayi ake anamwalira iye akadali wakumsana, bambo ake n'kumutenga kupita naye ku Limbe, atakangana koopsa ndi akuchikazi. Za mayiwo m'nyumba mwa Lufeyo sizinkakambidwa. Panalibe chithunzi, ndipo mwana akafunsa, bamboyo ankatenga gitala n'kutuluka panja.

Ananyamuka Lachinayi. Sanachite kusankha tsikulo, kapena tinene kuti iye ankaganiza kuti sanasankhe.

Minibasi inamusiya pamsewu dzuwa lili paliwombo, ndipo anatsata njanji wapansi. Pa siteshoni panali zii. Udzu unamera m'mbali mwa njanji, mbuzi zitagona pamthunzi wa chipupa. Munthu anali mmodzi yekha: mayi ataima kumapeto kwa pokwerera, atam'fulatira, akuyang'ana kumwera kumene njanji imachokera. Chitenje chake chinali cha maluwa amene Elifazi anali asanawaonepo m'sitolo iliyonse. Mikono yake inali mbuu ndi ufa mpaka m'zigongono. Kumsana anamanga mbereko, ndipo ankaigwedeza pang'onopang'ono monga amachitira amayi potonthoza mwana.

Elifazi atayandikira anaona kuti mberekoyo inali yopanda kanthu. Inangoti fwaa, koma mfundo yake inali yomangidwa zolimba.

"Lero ndi Lachingati?" anafunsa mayiyo osatembenuka. Mawu ake anali a munthu wamng'ono, mtsikana ndithu.

"Lachinayi, mayi."

"Yadutsa kale?"

"Sindikudziwa. Ndine mlendo kuno."

"Mlendo," anabwereza mayiyo, ngati akulawa liwulo. Kenako anati, "Koma wakula."

Nthawi yomweyo njanji inalira, kaphokoso kaja kamene imachita sitima ikakhala kutali. Elifazi anacheuka kuyang'ana kumwera. Kunalibe utsi, kunalibe kanthu, njanji yokha ikunyezimira. Pobweza maso, pokwerera paja panali mbuzi zokha, zonse zitadzuka, zikuyang'ana malo amodzi.

Miyendo inafuna kubwerera kumsewu. Koma munthu wovala tayi sathamanga pamaso pa mbuzi, choncho anapitirira mpaka m'mudzi wa Kambewa. Atatchula dzina la Lufeyo, anthu anamulozera kanyumba ka kumapeto. "Pitani kwa a Filesi. Koma konzekani, pakamwa pawo si pabwino."

A Filesi anali mayi wokalamba, wamfupi, wouma ngati chikuni, diso limodzi loyera. Anawapeza akukhoma khasu pa mpini. Sanamupatse mpando.

"Wa Lufeyo? Wakuba mwana uja?" Anamuyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku tayi. "Ndiye mwana wakeyo ndiwe? Zaka zonsezi unali kuti? Ine ndine mng'ono wawo wa amako. Wabwera kudzaona manda, kapena wasochera?"

Elifazi anachita manyazi, koma anafotokoza chimene anadzera: wailesi, mnyamata wa ku Lilongwe, dzina la bambo ake, umboni. A Filesi anamvetsera kukamwa kuli kokhota. Atamaliza, analavula fodya.

"Umboni ukuufuna? Kanyamule mtondo uli paseli apo. Vula chigoli chili m'khosicho, ungadzipachike nacho."

Anaugubuduza mtondowo mpaka pabwalo. A Filesi anathiramo chimanga, n'kuwazamo madzi, n'kutenga munsi wakuda ndi ukalamba.

"Chimwalirire achemwali anga, ine sindisinja Lachinayi," anatero. "Lero ndisinjira iwe. Ukathawa, usadzabwerenso."

Ananyamula munsi ndi timikono tawo towonda, n'kuugwetsa. Gu. Anaunyamulanso. Ndipo munsi wawo ukadali m'mwamba, mu mtondo momwemo munamveka: gu.

Chimanga chinadumpha chokha.

Amayi awiri akamasinja mtondo umodzi amalandizana, wina akakweza wina amatsitsa, ndipo minsi siigundana. Ndi zimene Elifazi ankaona, kungoti mbali inayo kunalibe munthu. Kunali dothi losesedwa bwino ndi dzuwa. A Filesi sanayang'aneko. Maso anali mu mtondo, misozi ikutsika m'makwinya, ndipo ankasiya mpata wa mzere woyamba ndi wachiwiri, iwo n'kumangovomera ndi mawu osasa: "Konola, konola, mwina abwera mawa."

Kenako anadzutsa mutu, n'kumuona Elifazi, n'kuphulika chiseko chosakanikirana ndi kulira.

"Taonani mutu wake! Mayo ine, taonani! Unkatero kumene uli kumsana. Amako akawerama ndi munsi, kamutu kako kutsogolo. Akaweramuka, kamutu m'mbuyo. Mpaka imvi, mwanawe?"

Elifazi anagwira mutu wake ndi manja awiri. Unali ukugwedera, ndipo sunkaphonya ngakhale kamodzi. Unkatsata munsi wa mbali yopanda munthu ija.

A Filesi anatsamiritsa munsi wawo pa mtondo. Winawo unagundanso kawiri, n'kuleka.

"Dzina lawo anali Esinati," anatero atakhala pansi. "Bambo ako anapita ku migodi ya malasha ku Wanki iwe uli m'mimba. Anati chaka chimodzi. Sitima yochokera kumwera inkafika Lachinayi, ndiye Lachinayi lililonse achemwali ankasinjiratu m'mawa, kuti mwamuna akatsika apeze ufa. Nyimboyi anaipeka pa mtondo uwu, ine ndikuvomera. Zinatha zaka ziwiri. Chifuwa chinawatenga Lachisanu. Lachinayi lotsatira, Lufeyo anatsika sitima ndi sutikesi ndi gitala."

Elifazi anakhala pansi pafupi ndi mtondo, a Filesi n'kupitiriza.

"Anapeza amayi a m'mudzi akuimba nyimboyi posinja za pamaliro. Anakhala pansi apo, pamene wakhala iwepo, n'kundipempha kuti ndimuphunzitse. Ndinamuphunzitsa yonse, ndi ndime yomaliza yomwe, imene achemwali ankadzitchula. Atafika pamenepo anati, 'Mlamu, mawu awa sangatuluke pakamwa panga. Wochedwayo ndine.' Ndinati ndiye uikapo dzina lako? Anati, 'Ndingabere munthu wakufa?'" A Filesi anapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje. "Ndimadana naye mpaka lero chifukwa anatilanda iwe. Koma nyimbo sanabe. Anasiya malo a mwini wake. Wofuna kuba ndi iweyo."

"Ndiphunzitseni ndimeyo, amayi aang'ono," anatero Elifazi.

Anamuimbira kamodzi kokha. Sanafunike kubwereza.

Musaganize kuti zinali zophweka. Elifazi anabwerera ku Balaka mtima uli pawiri. Zaka makumi anayi akuuza msika wonse kuti bambo ake anapeka nyimbo imeneyi usiku umodzi, pa benchi ya siteshoni. Nkhani ya benchiyo anaipeka yekha, ndipo anaikamba kambirimbiri mpaka anayamba kuikhulupirira. Tsopano akaime pa wailesi, anthu onse akumva, anene kuti nyimbo ya Lufeyo Kamtedza ndi ya pamtondo? Ankawaona kale achikulire a pamsika akugwirana m'manja ndi chiseko. Ankamumva kale Kadzuwa akuti, "Si ndinanena?"

"Ndiye mukanena chiyani mawa?" anafunsa Nankhoma Lachisanu, atamva zonse.

"Sindikudziwa."

"Pepala lija la dzina la apongozi mwaling'amba?"

Sanaling'ambe. Linali m'thumba la jekete, lolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo Loweruka anapita nalo.

Chipinda chowulutsira mawu chinali chaching'ono, makoma ake omatidwa ndi makatoni a mazira. Munali tebulo, maikolofoni awiri, ndi Mwaiwawo kuseri kwa makina ake. Maikolofoni yachiwiri inali ya alendo akakhala awiri, ndipo tsiku limenelo anaikankhira kukhoma. Elifazi anaika galamafoni yake patebulo n'kuipukusa.

Anayamba monga anakonzera. Ya Kadzuwa, ya ku Zambia, ya kwaya, ya Bizaliyele. Iliyonse ankaifotokoza chaka chake ndi chimene oimbawo anasintha, ndipo apa ndiye anali katswiri, mawu ali pamalo. Koma m'zomvera zake chogunda chija chinkakulirakulira kaseti iliyonse, ngati munthu akuyandikira kuchokera kutali. Anaona Mwaiwawo akukwinya nkhope, akupotokola timabatani take, akuyang'ana mawaya.

"Tsopano tafika pa gwero," anatero mtsikanayo. "Bambo Kamtedza, tiuzeni. Nyimboyi mwini wake ndani?"

"Mumva nokha," anatero Elifazi, n'kutsitsa singano.

Mawu a Lufeyo anadzaza chipinda. Elifazi anatulutsa pepala lija n'kuliyala patebulo. Ndime yoyamba inadutsa. Anaganiza za bambo ake, nsapato za mitundu iwiri, munthu wokonda kutamandidwa kuposa chakudya, amene nyimbo yake yotchuka koposa anaiimba moyo wake wonse osaikapo dzina. Ndime yachiwiri. Anazindikira kuti sanayambe wawanyadirapo bambo akewo pa chifukwa choyenera. Ndime yachitatu inatha, gitala anatsala yekha.

Gu. Gu. Gu.

Sizinalinso m'zomvera mokha. Madzi a m'botolo la Mwaiwawo ankanjenjemera. Elifazi anatembenuza pepala lija chafufumimba, anaimirira, n'kutsegula pakamwa. Iye amene mkazi wake ankati sadziwa kuvina, analowa pa nthawi yake yeniyeni:

*Woimba ndine Esinati, wa kwa Kambewa kuno,*
*kumsana kuli Elifazi, sadziwa nkhope ya atate.*
*Konola, konola, mwina abwera mawa.*

Mawu ake anali okalamba, osweka, koma sanagwe. Mwaiwawo sankamuyang'ana iye. Maso ake anali tong'o pa makina, pamene kamuvi ka maikolofoni yachiwiri, yokankhidwira kukhoma ija, kankakwera ndi kutsika.

Gitala anamaliza. Munsi unagunda komaliza. Kenako onse awiri anamva kaphokoso kena kofewa, ka mtengo ukutsamiritsidwa pa khoma, monga amachitira munthu akamaliza ntchito. Singano inangotsala ikukanda pakati pa mbale.

"Amene mwamumvayo ndiye mwini nyimbo," anatero Elifazi pa maikolofoni, misozi ikugwera pa tayi, iye osaipukuta. "Esinati wa kwa Kambewa, ku Bilila. Anaipeka pa mtondo. Mwamuna wake, Lufeyo Kamtedza, anainyamula kuifikitsa pa mbale, ndipo anam'sungira malo ake zaka zonsezi. Amene mukuti ilibe mwini, mwamva. Ine ndi uja anali kumsana."

Kuyambira tsiku limenelo, tengani kaseti iliyonse, tengani foni, tcherani khutu pa mpata paja. Mumva zoimbira zokha, munsi uja sumvekanso. Bizaliyele anayesa yake ku Liwonde katatu, n'kutumiza uthenga kuti kwa nthawi yoyamba waimvera mpaka kumapeto.

Koma ndisaiwale za madzulo a Loweruka lomwelo. Elifazi anabwerera kunyumba wapansi, galamafoni ili paphewa. Podutsa pamsika palibe anaseka. Achikulire aja anaimirira pa benchi yawo, mmodzi anavula chipewa. Atafika kunyumba anapeza Nankhoma ali pachipata, wailesi yaing'ono ikadali m'manja, amayi a m'dera atamuzungulira, onse ali chete.

"Mwaimba bwino, bambo a Tiyese," anatero Nankhoma. "Koma tonse pano tamva mawu awiri. Wina amakutsogolerani, wa mawu aang'ono, okoma. Mtsikana wa pa wailesi uja amaimba choncho?"

"Ayi, si iyeyo."

"Nanga munali ndi ndani m'menemo?"

Elifazi anatsitsa galamafoni pansi bwinobwino. Anawongola tayi wake wonyowa uja, n'kuyang'ana amayi onsewo mmodzimmodzi, chifuwa chili patsogolo monga ankachitira potchula Lufeyo.

"Ndi amayi anga amenewo," anatero. "Mwawamva mmene amaimbira?"